Lipoti la nkhani: fulati yogula kwa khonsolo ku London, ngongole ya banki ndi bilu ya denga

Mayi omwe ndikuwanena pano ndi a kwathu, a zaka 50, ndipo amagwira ntchito ya usiku panyumba ina yosamalira okalamba. Mu Novembala 2019 anagula fulati ya zipinda ziwiri yomwe ankachita lendi kwa khonsolo ina ya kumwera kwa London. Pofika Ogasiti 2024 banki inali itawasumira kukhoti kuti iwalande nyumbayo chifukwa cha £7,900 yomwe anatsalira nayo, kwinaku khonsolo nayo ikufuna £14,600 ya ntchito yokonza mdadada wonse. Ine ndine mlangizi wa za ngongole ku bungwe lina lothandiza anthu mwaulere, ndipo anandipeza patangotsala milungu yochepa kuti mlandu ulowe. Eni nkhani anavomera kuti ndiilembe. Dzina lawo, la banki ndi la khonsolo sinditchula, ndipo ziwerengero zina ndangotenga zapafupi.

Momwe nyumba inagulidwira

Ufulu woti munthu wochita lendi nyumba ya khonsolo aigule pamtengo wotsitsidwa, Right to Buy, unabwera ndi lamulo la Housing Act la 1980, nthawi ya Margaret Thatcher. Kuchokera apo ku England kwagulitsidwa nyumba pafupifupi 2 miliyoni mwanjira imeneyi. Scotland inauthetsa mu 2016, Wales mu 2019, koma England idakali nawo, ngakhale mu Novembala 2024 boma linadula kwambiri ndalama zomwe amakuchotserako.

Amayiwa anagula zinthu zikanali bwino. Fulati anaiika pa £285,000, khonsolo inachotsapo £110,500, yomwe inali malire a ku London chaka chimenecho, ndipo inatsala £174,500. Banki inatenga kuchotsera kuja ngati dipoziti, moti sanatulutse ndalama m'thumba kupatula za loya. Malipiro awo okha sakanakwana kuti abwereke zochuluka chotero, ndiye analemba limodzi ndi mwana wawo wamwamuna, yemwe ankayendetsa basi ndipo ankakhala pomwepo. Lamulo limalola kugula pamodzi ndi achibale osapitirira atatu, bola akhale nanu m'nyumbamo miyezi 12 yapitayo. Ngongole inali ya zaka 25, chiwongoladzanja chokhazikika kwa zaka ziwiri cha 2 peresenti ndi pang'ono, pamwezi £750. Awiri pa £750 sichinali chinthu. Mu 2021 anasainanso zaka zina ziwiri pa chiwongoladzanja chofanana.

Chomwe sanachimvetse, ndipo ndachiona kwa anthu ambiri, n'chakuti wogula fulati ya khonsolo sanasiyane nayo khonsoloyo. Amagula lizi, kawirikawiri ya zaka 125, ndipo mdadada wonse, denga, makoma akunja, masitepe ndi chikepe, zimakhalabe za khonsolo. Khonsolo ndiyo imasankha tsiku lokonza, imasankha kontirakita, kenaka imagawa bilu kwa onse ogula. Kwathu ukagula nyumba ya Housing denga ndi lako, ukalikonza chaka chomwe wapeza ndalama, likamadontha umatchera beseni. Kuno denga limakonzedwa usanafunsidwe ngati m'thumba muli kanthu. Anzawo omwe anatsala pa lendi mumdadada womwewo salipira kalikonse pa ntchito zoterozi.

Momwe zinasokonekera

Kumayambiriro kwa 2023 mnyamata uja anakwatira n'kusamukira kwina. Kwa miyezi ingapo anapitiriza kuikako gawo lake, koma mwana atabadwa, lendi ya kwawoko itakwera, anasiya. Panalibe mkangano, anangoyamba kuchedwa, kenaka kudumpha, kenaka zii. Amayi sanafune kum'kumbutsa. Anandiuza kuti, "Achimwene, mwana ali ndi banja lake, ine ndizikam'pempha ndalama pamaso pa mpongozi?" Kuyambira Ogasiti 2023 anayamba kulipira theka.

Apa mpomwe nthawi inawapweteka. Bank of England inali itakweza chiwongoladzanja chake kuchoka pa 0.1 peresenti mu Disembala 2021 kufika pa 5.25 peresenti mu Ogasiti 2023. Mu Juni 2023 boma ndi mabanki akuluakulu anagwirizana mfundo zotchedwa Mortgage Charter: munthu akhoza kulipira chiwongoladzanja chokha kwa miyezi isanu ndi umodzi, kapena kutalikitsa zaka za ngongole, kapena kusankhiratu mtengo watsopano wa chiwongoladzanja miyezi isanu ndi umodzi wakale usanathe, zonsezi popanda kumuunikanso ngati angakwanitse. Koma mwayi umenewu unali wa anthu omwe sanatsalire. Amayiwa anatsalira miyezi inayi yokha mtengo wawo usanathe, ndipo miyezi inayi imeneyo inawatsekera khomo. Mu Disembala 2023 anagwera pa mtengo wamba wa banki, pafupifupi 8 peresenti. Pa ngongole ya £152,000 yomwe inali itatsala, malipiro a pamwezi anachoka pa £750 kufika pa £1,250. Iwo amalandira £1,950 msonkho utachotsedwa, mwezi womwe mashifiti ayenda bwino.

Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Kumudzi anawerengera kuti wa ku UK walemera, pomwe simenti, malata ndi mankhwala a agogo zonse zinakwera. Foni sinkapuma.

Makalata a mu jumbo

Tsiku loyamba anabwera ndi jumbo yodzaza makalata, ambiri osatsegula. Ankawazindikira ndi envelopu: ya banki ili ndi kawindo, ya khonsolo ili ndi chizindikiro pakona. Ankawaika pamwamba pa filiji, atachuluka anawasamutsira mu jumbo, jumbo n'kulowa pansi pa bedi. Anatsegula ya kukhoti yokha chifukwa inali yonenepa. Tinawatsegula tonse n'kuwasanja patebulo mwezi ndi mwezi, ndipo nkhani yonse inaoneka pamenepo asananene kanthu.

A banki, kunena chilungamo, analemba zomwe malamulo a FCA, bungwe loyang'anira mabanki, amawauza kuti alembe. Anafunsa kangapo ngati pali vuto, anatumiza fomu ya bajeti, anatchula mabungwe othandiza mwaulere monga StepChange, Citizens Advice ndi National Debtline. Sanayankhidwe. Anadikira kuti chaka chikwane kuchokera pa mwezi woyamba kutsalira, poti Charter ija imati munthu asatulutsidwe m'nyumba chisanathe chaka, ndiye n'kupita kukhoti. Ndinafufuza ngati analumpha sitepe ina mwa zomwe ayenera kutsata asanasumire munthu, sindinapeze poti n'kuwagwira.

Pa masitetimenti a akaunti panaoneka chinthu chomwe ndimachiona pafupifupi mlungu uliwonse. Amayi sanali osalipira. Makhadi awiri a ngongole ankalipidwa mwezi uliwonse, £210 onse pamodzi, osaphonya. Chipereganyu cha amayi a ku tchalitchi, £200, osaphonya. Kumudzi £300, mwina kuposa. Chakhumi. Omwe ankaimba foni ndi omwe ankaonana nawo Lamlungu ankalipidwa. Omwe ankangolemba makalata ankadikira. Koma a khadi sangakutulutse m'nyumba. Pa ntchito yathu timayamba ndi ngongole zomwe zingakuchotsere denga, magetsi kapena ufulu: ya nyumba, ya khonsolo pa lizi, council tax (msonkho wa khonsolo pa nyumba), gasi ndi magetsi. Zina zonse zimabwera pambuyo, ngakhale zikuwe bwanji.

Bilu ya khonsolo

Mu jumbo muja munali chinthu chomwe chinandidetsa nkhawa kuposa masamani. Mu Epulo 2024 khonsolo inatumiza bilu ya £14,600, gawo la fulati yawo pa ntchito yomwe inachitika mu 2022 ndi 2023: denga latsopano, kupaka penti kunja, ndi mawindo atsopano mdadada wonse. Pambuyo pake panali makalata awiri okumbutsa, ndipo yomaliza inanena kuti akapanda kulipira khonsolo ilembera banki yawo.

Anthu ambiri sadziwa tanthauzo la chiopsezo chimenecho. Mwini mdadada ali ndi mphamvu yothetsa lizi ngati wogula salipira, ndipo lizi ikathetsedwa nyumba imabwerera kwa iye, wogula osatenga ngakhale tambala, banki nayo chikole chake chapita. Lamulo linaikapo mipanda: ngongole iyenera kupitirira £350 kapena kukhala zaka zoposa zitatu, komanso iyenera kukhala yoti mwini wake waivomera kapena khoti kapena tribunal (bwalo loweruza mikangano yotere) yagamula kuti ndi yoona. Si kawirikawiri kuti zifike pothetsadi lizi, chifukwa banki ikangomva imalipira yokha kuti iteteze chikole, ndiye n'kuphatikiza ndalamazo pa ngongole ya nyumba, pa chiwongoladzanja chake. Zikanachitika mlandu usanalowe, tikanaima pamaso pa woweruza ndi ngongole yoposa £22,000 m'malo mwa £7,900. Choyamba chomwe ndinachita, ndisanakhudze za banki, chinali kulembera khonsolo kuti biluyo tikuitsutsa, asapite patsogolo mpaka tione mapepala.

Kenaka ndinawafunsa ngati anasunga mapepala a nthawi yogula. Anali nawo, m'sutikesi momwe amasungamo ziphaso. Yomwe ndinkafuna ndi kalata ya Section 125, yomwe khonsolo imapereka munthu asanagule. Anthu amaiwerenga mzere umodzi wokha, wa mtengo, koma kumbuyo kwake kumakhala mndandanda wa ntchito zomwe khonsolo ikuyembekeza kudzagwira pa mdadada m'zaka zisanu zoyamba, ndi ndalama zomwe ikuganiza kuti wogula adzalipira. Lamulo la Housing Act la 1985 limati m'zaka zimenezo khonsolo isalipiritse kuposa zomwe inalemba pamenepo, kupatula kawonjezedwe ka kukwera kwa mitengo. Cholinga chake n'chakuti munthu asagule m'chimbulimbuli.

Pa kalata yawo denga linalipo, penti inalipo, zonse pamodzi £6,000 ndi pang'ono. Mawindo panalibe. Ntchito yonse inagwiridwa mkati mwa zaka zisanu zija. Ofesi yomwe inagawa bilu inangowerenga mafulati ogulidwa n'kugawa mofanana, osaona kuti uyu anagula liti. Sindikunena kuti anachita dala. Omwe anagula kale, m'ma 1990, chitetezo chawo chinatha kalekale, ndipo mumdadadamo ambiri ndi otero. Tinatumiza kope la kalata ija pamodzi ndi mawerengedwe athu. Yankho linachedwa, linabwera mlandu utatsala masiku owerengeka, koma linabwera: bilu inatsika kufika pa £7,400.

Zina ziwiri ndinaziona n'kuzisiya. Lamulo la 1985 la eni nyumba ndi alendi limati bilu iyenera kufika pasanathe miyezi 18 ndalama zitagwiritsidwa ntchito, pokhapokha atakuchenjezeratu polemba. Chenjezolo linalimo mu jumbo, losatsegula. Palinso ufulu woti wogula kudzera mu Right to Buy abwereke kwa khonsolo yomweyo kuti alipire bilu yaikulu m'zaka khumi zoyamba, koma umayenera kupempha pasanathe milungu isanu ndi umodzi bilu itafika. Nthawi imeneyo inapita kalata ili pansi pa bedi. Mwamwayi khonsolo iyi, monga makhonsolo ambiri a ku London, imalola wogula yemwe akukhala m'nyumbamo kulipira pang'onopang'ono popanda chiwongoladzanja. Tinagwirizana miyezi 36, pamwezi £205. Amayi anaopa kuti akayamba kulipira ndiye kuti avomera zonse. Ayi, lamulo limanena momveka kuti kulipira kokha si kuvomera, munthu akhozabe kupita ku First-tier Tribunal akaona kuti ntchitoyo inali yosalongosoka kapena yodula mopanda chifukwa.

Kugulitsa kunali pafupi

Iwo anabwera ali ndi maganizo awiri, onse opatsidwa ndi anthu owafunira zabwino. Oyamba anali oti angobweza makiyi, khonsolo iwabwezere pa lendi ngati kale. Njira imeneyo kulibe. Ukagula, kuchita lendi kwako kwa khonsolo kwatha. Makhonsolo ena a ku London amagulanso nyumba zomwe anagulitsa, ndipo meya Sadiq Khan anaikako ndalama mu 2021, koma kawirikawiri amafuna nyumba yopanda munthu kuti aikemo omwe ali pa mzere. Munthu wamkulu, wathanzi, wopanda mwana wamng'ono, akalandidwa nyumba lamulo silimuika patsogolo, ndipo akhoza kuuzidwanso kuti anadzichititsa yekha. Atamva zimenezi anakhala chete nthawi yaitali.

Achiwiri anachokera kwa bambo wina wa ku tchalitchi yemwe ankadziwa munthu wogula nyumba msangamsanga ndi ndalama pamanja. Wogulayo ankati alipira zotsalira ku banki lero, asaine pangano, nyumba idzasinthe dzina zaka zisanu zikakwana kuti khonsolo isatengepo kanthu. Nkhani ya zaka zisanu ili motere: ukagulitsa chaka choyamba umabweza kuchotsera konse, chachiwiri 80 peresenti, chachitatu 60, chachinayi 40, chachisanu 20. Ndipo sawerengera ndalama yomwe unachotseredwa, amawerengera gawo lake pa mtengo wa lero. Amayiwa anachotseredwa pafupifupi 39 peresenti. Fulati itagulitsidwa pa £300,000 m'chaka chachisanu akanabweza £23,000 ndi pang'ono. Kudikira mpaka Novembala 2024 kunali kupulumutsa ndalama yonseyo. Koma chenjerero la wogula uja lamulo linalitseka kale mu 2004: pangano loti udzagulitsa mtsogolo limatengedwa ngati wagulitsa tsiku lomwe wasaina. Akanataya £23,000, kuwonjezera pa mtengo wotsika womwe ogula oterowo amapereka. Ndiponso kwa zaka khumi, wofuna kugulitsa ayenera kuyamba wafunsa khonsolo ngati ikufuna kugula.

Kugulitsa pamsika, mwaulemu, pambuyo pa Novembala, ndinakusunga ngati njira yachiwiri ndipo ndinawauza poyera. M'nyumbamo anali ndi gawo lawo loposa £130,000 ngongole zonse zitachotsedwa. Munthu wotere sayenera kudikira kuti banki igulitse yokha, chifukwa banki imathamangira kubweza zake. Iwo anati akufuna kukhala. Ntchito yanga inali kuona ngati masamu akulola.

Bajeti ndi mnyamata

Thandizo la boma pa chiwongoladzanja, SMI, silinatheke. Limapita kwa olandira Universal Credit, ndalama ya boma yothandiza opeza zochepa, kapena thandizo lina lofanana nalo, ndipo malipiro awo, alibe mwana pakhomo, anali pamwamba. Ndi ngongolenso, yomwe imabwezedwa nyumba ikagulitsidwa. Kutalikitsa zaka sikunathekenso, chifukwa zaka 20 zotsalazo zikuwafikitsa kale pa 70, ndipo palibe banki yomwe ingakhulupirire kuti munthu azinyamulabe okalamba usiku kupitirira pamenepo.

Chinatsala ndi chipinda chomwe mnyamata anasiya. Boma limalola kulandira mpaka £7,500 pachaka kwa munthu wogona m'nyumba yomwe iwenso ukukhalamo popanda msonkho. Tinawerenga lizi, siletsa. Tinapempha banki, inalola. Anapeza namwino wa ku Chipata yemwe anali atangofika kumene, £600 pamwezi. Ndinawakumbutsa kuti ngakhale ndi wa kwathu ayenera kuona mapepala ake okhalira m'dziko, chifukwa ku England kuyambira 2016 udindo umenewo uli pa mwini nyumba. Panapezekanso kandalama kena: mnyamata atachoka anayenera kuchotseredwa 25 peresenti pa council tax monga munthu wokhala yekha, koma sanapemphe. Tinapempha za m'mbuyo, zinabwera, ndipo zinatseka miyezi iwiri yomwe anatsalira pa msonkhowo. Mlendo atalowa kuchotserako kunatha.

Makhadi tinawalembera kuti alandire £1 pamwezi mpaka zinthu zisinthe. Chipereganyu anamaliza mzere womwe unalipo n'kutuluka. Za kumudzi ndi chakhumi sindilamula munthu. Pa fomu ya bajeti a banki ndi a khoti saziwerengera ngati zofunika, ndipo alangizi ena amangozikhwatcha ndi cholembera. Ine sindichita choncho, chifukwa bajeti yomwe yachotsa mankhwala a mayi ake a munthu ndi bajeti yabodza, imasweka mwezi wachiwiri. Ndinawaonetsa nambala yotsala zonse zitalipidwa, ndinati agawe okha. Anasiya £100 ya mankhwala a agogo. Nyumba yomwe ankamanga kumudzi inaima pa lintala, ndipo anaimbira mlongo wawo okha kumuuza chifukwa chake. Anati foni imeneyo inali yovuta kuposa khoti.

Mnyamata ndinam'pempha kuti abwere, poti dzina lake linali pa masamani. Anafika atakwiya, osati ndi mayi ake, koma chifukwa anali atangokanidwa ngongole ya galimoto ndipo sankadziwa chifukwa. "Ankolo, ine ndinatuluka m'nyumba muja chaka chatha, zikundikhudza bwanji?" Ndinam'fotokozera kuti pa ngongole ya anthu awiri palibe theka lako ndi theka langa. Aliyense ali ndi udindo pa ngongole yonse, ndipo mwezi uliwonse wotsalira umalembedwa pa mbiri ya onse awiri kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Anatembenukira amayi ake: "Amayi, bwanji simunanene?" Iwo anangoti, "Ndimati ndikonza." Anavomera kuika £250 pamwezi, yochoka yokha ku akaunti yake tsiku la malipiro, kuti pasakhale kupemphana.

Zonse pamodzi zinafika £2,800 pamwezi. Ndinawauza kuti alipire £1,250 yonse mu Seputembala ndi mu Okutobala, mlandu usanalowe, ngakhale banki isanavomere kalikonse. Woweruza amakhulupirira lisiti kuposa lonjezo. Breathing Space, masiku 60 omwe angongole amaimitsidwa, sindinaigwiritse ntchito; imaperekedwa kamodzi pa miyezi 12, ndipo ndinafuna ikhalepo ngati zinthu zitavuta pambuyo pake.

Ku khoti

Tinadzaza fomu yoyankhira ya N11M, tinaphatikiza bajeti, malisiti awiri, pangano la mlendo, kalata ya mnyamata ndi kalata ya khonsolo yotsitsa bilu. Banki tinailembera kuti tikupereka malipiro a pamwezi onse kuwonjezapo £60. Anayankha kuti akufuna £200.

Milandu imeneyi ku county court imayenda mwachangu, mphindi zisanu kapena khumi, m'kachipinda, woweruza atavala suti wamba. Ambiri osumiridwa sapita n'komwe, poganiza kuti zatha kale, ndipo akapanda kupita woweruza amangopereka zomwe banki yapempha. Kuyambira Ogasiti 2023 pali ndondomeko ya Housing Loss Prevention Advice Service, yomwe imapereka loya waulere pa tsikulo kwa aliyense yemwe nyumba yake ili pa ngozi, posaona kuti amalandira zingati. Tinafika molawirira n'kum'patsa loyayo mapepala onse atasanjidwa.

Lamulo lomwe limapulumutsa anthu pano ndi gawo 36 la Administration of Justice Act ya 1970, lomwe linawongoleredwa mu 1973. Limapatsa woweruza mphamvu yoimitsa kulanda nyumba ngati akuona kuti munthu angathe kubweza zotsalira m'nthawi yoyenera, uku akulipira za mwezi ndi mwezi. Nthawi yoyenerayo ndi yaitali bwanji? Mu 1995 Court of Appeal, pa mlandu wa Cheltenham and Gloucester Building Society ndi Norgan, inagamula kuti poyambira pakhale zaka zonse zotsala pa ngongole. Kwa amayiwa zinali zaka 20, kutanthauza kuti ngakhale £33 pamwezi ikanakwana. Ife tinapereka £60, yomwe imamaliza m'zaka 11, pa nyumba yomwe mtengo wake unali pafupifupi kawiri ngongole yake. Banki sinali pa ngozi iliyonse yotaya ndalama.

Woimira banki anafunsa za mlendo, kuti akachoka zidzatani. Funso labwino, ndipo ndinali nditawakonzekeretsa. Amayi anayankha okha kuti fulati ili pafupi ndi chipatala chachikulu ndipo anthu awiri ena anafunsa kale za chipindacho. Woweruza anafunsa za bilu ya khonsolo asanauzidwe, chizindikiro choti waona milandu yambiri ya nyumba zoterezi, ndipo loya anam'patsa kalata ija. Tinapempha kuti mlandu ungoimitsidwa popanda chigamulo, anakana, poona kuti anatsalira chaka chathunthu. Anapereka chigamulo cholanda nyumba koma choimitsidwa, bola azilipira za pamwezi ndi £60 pamwamba.

Potuluka amayi ankati apambana. Ndinawakhazika pa benchi n'kuwauza kuti chigamulocho ndi mpeni wolendewera. Akaphonya mwezi umodzi banki ikhoza kupempha chilolezo chowatulutsa popanda kuwaitananso kukhoti, ndipo chenjezo lake limakhala la masiku 14. Zikatero pali fomu ya N244 yopempha woweruza kuti aimitsenso, koma iyenera kupita msanga. Tinasintha tsiku lolipira kuti likhale tsiku lotsatira malipiro awo, ndalama isanagwire ntchito ina.

Pomwe nkhani ili

Novembala 2024 inadutsa, ngongole yobweza kuchotsera inafafanizika. Atalipira bwino miyezi ingapo, banki inavomera kuwachotsa pa mtengo wamba n'kuwaika pa wokhazikika wa 5 peresenti ndi pang'ono, ndipo malipiro anatsika kufika pafupifupi £1,030. Ndinalangiza kuti ndalama yomwe yapumayo isabwerere ku makhadi kapena ku simenti, koma ena aziika padera. Namwino uja akadalipo.

Ziwiri sizinathe. Mnyamata akufuna dzina lake lichoke kuti adzagule nyumba ndi mkazi wake. Banki siingalole pokhapokha amayi ataonetsa kuti angasenze ngongole yonse okha, ndipo pa malipiro awo, ndi chigamulo cha khoti pamwamba, sizingatheke posachedwa. Awiriwa sanakambirane bwino za zimenezi, ndipo tsiku lina zikhoza kudzakakamiza kugulitsa komwe tinakupewa. Ndawauza onse awiri kuti aliyense afunse loya wake, chifukwa pa nkhani iyi zofuna zawo zasiyana ndipo ine sindingalangize onse.

Chachiwiri ndi chikepe. Khonsolo yatumiza kalata ya Section 20, yomwe lamulo limafuna ngati ntchito idzadyera wogula aliyense ndalama zoposa £250, yonena kuti ikufuna kuika chatsopano. Zaka zisanu za chitetezo zatha, ndiye ulendo uno adzalipira gawo lawo lonse. Kalatayo inapereka masiku 30 oti ogula apereke maganizo awo ndi kutchula kontirakita yemwe akufuna kuti nayenso afunsidwe mtengo. Anaitsegula tsiku lomwe inafika n'kundijambulira pa WhatsApp. Tayankha pamodzi ndi ogula ena anayi a mumdadadamo, kufunsa lipoti la mainjiniya losonyeza chifukwa chomwe chikepecho sichingangokonzedwa, komanso ngati adzaloledwa kulipira m'zaka zingapo monga pa bilu yoyamba. Mitengo ya makontirakita ikubwera mu kalata yachiwiri.